Disc golf pakampu: mmene mungasewerere madengu 9 oyamba ndi disiki imodzi yokha

Phokoso limene linandidzutsa m'tenti m'mawa wa Loweruka lija, pakampu ina m'chigawo cha Michigan ku America, linali la matcheni: ngwee, kenako ana kuseka. Nditasuzumira panja ndinaona mtsikana wa zaka ngati 10 akutola kambale kapulasitiki m'dengu lachitsulo lomangidwa pamzati, matcheni ali lendelende pamwamba pake. Agogo ake ankabwera m'mbuyo, khofi kudzanja lina, kambale kawo kudzanja linalo. Masewera ake ndi disc golf, kambale kaja amakatcha disiki, ndipo ngati mwapita kukagona pamalo a matenti amene ali ndi kabwalo kake, musabwerere kunyumba musanayese. Bwalo lalifupi la pakampu ndi sukulu yabwino kuposa mabwalo akuluakulu a mipikisano, chifukwa limaphunzitsa chinthu chimene ongoyamba ambiri amachedwa kumvetsa: disiki imamvera dzanja lofatsa, osati lamphamvu.

Mfundo yake ndi ya gofu. Mumayambira pamalo oikika otchedwa tee, mumaponya disiki kulunjika kudengu, mumapita pamene yagwera ndi kuponyanso, mpaka italowa. Amene waponya kochepa ndiye wapambana. Eni ake amati hole ngakhale palibe dzenje lililonse, koma ine ndizingoti dengu. Dengu lamatchenili analipanga Ed Headrick, munthu amene poyamba ankagwira ntchito ku kampani ya Wham-O yopanga timbale toponya totchedwa Frisbee. Mu 1975 anakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park pafupi ndi Pasadena ku California, pomwe anthu ankangomenya mizati, ndipo mu 1977 analembetsa dengu lokhala ndi matcheni oti aziimitsa disiki kuti igwere pansi pake. Bungwe la PDGA, limene limasunga malamulo a masewerawa, analiyambitsanso iye mu 1976. Malamulo amene nditchule apa ndi a bungwe lomweli, ngakhale pakampu palibe woyimbira amene adzakulondolani.

Yambirani kuofesi ya pakampu

Safunsa anadya phula. Musanapite kubwalo, funsani zinthu zitatu pamalo amene munalembetsa tenti: dengu loyamba lili kuti, ali ndi mapu kapena khadi lolembapo zigoli, ndipo amabwereketsa madisiki kapena ayi. Makampu ambiri amene ali ndi bwalo amasunga madisiki angapo obwereketsa kapena ogulitsa m'kasitolo kawo. Ngati mapu ali pachikwangwani chokha, ajambuleni ndi foni. Pali app yotchedwa UDisc imene imaonetsa mabwalo ndi kusunga zigoli, koma kutchire netiweki imavuta, choncho chithunzi cha chikwangwani chija chidzakuthandizani pamene mwaima m'mitengo osadziwa kuti tee yachisanu ili mbali iti.

Mabwalo a pakampu nthawi zambiri amakhala ndi madengu 9, ndipo dengu lililonse limawerengedwa kuti par 3, kutanthauza kuti wosewera bwino amalimaliza ataponya katatu. Onse pamodzi ndi 27. Mtunda amaulemba m'mafiti. Mukaona 200, ndi mamita pafupifupi 61, kupitirira pang'ono theka la bwalo la mpira. Dengu la mafiti 150 ndi mamita 46 okha. Anthu awiri kapena atatu amamaliza bwalo lotere ola lisanakwane.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, mphepo isanayambe ndiponso ana a njinga asanadzaze tinjira.

Tengani disiki imodzi, ndipo ikhale yochedwa

Apa ndipo ambiri amasokera. Pali mitundu itatu ikuluikulu ya madisiki. Putter ili ndi mlomo wokhuthala, wozungulira bwino, ndipo imauluka pang'onopang'ono molunjika. Midrange imapita patali pang'ono. Driver ili ndi mlomo waukulu wakuthwa, ndipo ndiyo imakopa maso m'sitolo chifukwa cha mayina ake ochititsa nthumanzi. Isiyeni. Driver inapangidwira dzanja limene limatha kuiponya mwaliwiro lalikulu. Ikaponyedwa ndi wongoyamba, imauluka pang'ono n'kukhotera kumbali mwamphamvu, ndipo nthawi zambiri imagwera pafupi kuposa mmene putter ikanafikira. Pakampu pali chifukwa china chachikulu: mlomo wake wakuthwawo ukamenya mwana pamphumi umang'amba.

Madisiki ambiri amalembedwa manambala anayi pamwamba, njira imene inafala kuchokera ku kampani ya Innova. Yoyamba ndi liwiro limene disiki imafuna, yachiwiri ndi mmene imayandamira m'mwamba, yachitatu ndi mmene imapendekera kumanja ikadali ndi liwiro, yachinayi ndi mmene imabwerera kumanzere liwiro likamatha. Kumanja ndi kumanzere kumeneku ndi kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja m'njira ya backhand (kumbuyo kwa dzanja kukutsogola), amanzere atembenuze. Aviar, putter yodziwika ya Innova, ndi 2, 3, 0, 1. Buzzz ya Discraft, imene ndi midrange, ndi 5, 4, -1, 1. Inu yang'anani nambala yoyamba ndi yomaliza basi: yoyamba isapitirire 5, yomaliza ikhale 0 kapena 1. Kulemera kwake amalemba kunsi m'magalamu. Malamulo salola kupitirira 200, ndipo zambiri zimakhala pakati pa 165 ndi 175, koma mwana kapena munthu wa dzanja lopepuka zimamukomera za 150.

Sankhani mtundu woonekera, wapinki kapena waolenji. Yobiriwira ikagwa m'udzu mudzaifuna mpaka thukuta. Ngati ndi yanuyanu, lembani dzina ndi nambala ya foni kunsi kwake ndi cholembera chosafufutika. Ndi mwambo wa osewera kuimbira mwini wake akatola disiki yotayika, ndipo ambiri amaimbadi.

Valani nsapato zotseka, osati masilipasi. Tengani madzi akumwa ndi kathaulo kopukutira disiki, chifukwa mame a m'mawa amaitereretsa m'zala.

Kagwiridwe ndi kaponyedwe

Musanafike pa tee yoyamba, pezani malo opanda anthu muponye kasanu kapena kakhumi. Kuponya kumene muphunzire koyamba ndi backhand, komwe kumbuyo kwa dzanja ndiko kumatsogola.

Chala chachikulu chikhale pamwamba, pamene mlomo ukumana ndi pakati pofewa. Zala zinayi zipinde kunsi, zigwire mkati mwa mlomo. Gwirani molimba moti mnzanu sangailande mosavuta, koma mkono wonse ukhale womasuka. Mukamaponya pafupi, tambasulani zalazo kunsi ngati mwanyamula mbale ya ndiwo, mkombaphala atagona m'mbali mwa mlomo. Mudzataya mtunda pang'ono koma mudzalunjika bwino.

Tsopano imani chammbali, phewa la dzanja loponyera litaloza kudengu, miyendo yotalikirana pang'ono kuposa mapewa. Musathamange. Mudzaona anthu akubwera ndi masitepe opingasa miyendo asanaponye, zimenezo n'zamtsogolo. Pabwalo la mamita 60 kuponya chiimire kukukwanirani.

Tembenuzani chiuno ndi mapewa kuti mkono upite kumbuyo, kutali ndi dengu, thupi litatsamira pamwendo wakumbuyo. Ndiye sunthirani thupi kumwendo wakutsogolo, chiuno chiyambe kutembenuka, chigongono chitsogole, disiki idutse pafupi ndi chifuwa mumzere wowongoka. Amene munalizapo jenereta mukudziwa kukoka chingwe kuja: dzanja silizungulira kutali ngati mukutchetcha udzu, limabwera molunjika, ndipo liwiro limakhala kumapeto. Musatsegule zala kuti muitaye. Mkono ukatambasuka disiki imasolomoka yokha. Ikachoka, lolani mkono upitirire kuzungulira ndipo phazi lakutsogolo litembenuke pachidendene, kuti bondo lisapotoke.

Cholakwa chimene mudzachita, chifukwa aliyense amachita, ndi kuiponyera kumwamba. Disiki imakwera itadzutsa mphuno, imaima m'malere, kenako imagwa chammbali kumanzere mamita 20 okha kuchokera pamene mwaima. Mankhwala ake ndi awiri. Loyamba, yerekezani kuti pali tebulo lalitali lofika pachifuwa panu ndipo mukutsetsereza disiki pamwamba pake. Lachiwiri lili padzanja: lipindeni pang'ono kuloza pansi, monga muchitira potsanulira tiyi m'kapu, kuti kutsogolo kwa disiki kusadzuke. Mukazipeza ziwirizi mudzadabwa kuona putter ikuyandama mamita 50 popanda kudzipweteka.

Dziwaninso kuti disiki ya woponya ndi dzanja lamanja imathera kumanzere liwiro likatha. Sikulakwa kwanu, ndi mmene chinthu chozungulira chimaulukira. Choncho lozani pang'ono kumanja kwa dengu, muisiye ibwerere yokha. Mukafuna kuti ikhote kwambiri kumanzere kuzungulira mtengo, tsitsani mbali yakunja ya disiki poponya, osewera amati hyzer. Mukakweza mbali yomweyo imakhotera kumanja, amati anhyzer, koma imeneyi imafuna kuzolowera. Tsiku loyamba ingodziwani kuponya kosapendeka ndi hyzer.

Pa tee: maso kwa anthu kaye

Tee ikhoza kukhala simenti, mphira, kapena kamtengo kokhomedwa pansi chabe. Werengani chikwangwani, pezani dengu lanu ndi maso, ndipo ngati silikuoneka yendani mukalione. Pamabwalo aafupi madengu amayandikana ndipo n'zosavuta kuponyera la nambala ina.

Ndiye yang'anani anthu. Ili ndilo gawo limene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa bwalo la pakampu si la osewera okha. Pamadutsa mayi wopita kubafa ndi thaulo paphewa, mwana pa njinga, bambo woyenda ndi galu, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali m'njira ya disiki. Ngati pali munthu aliyense pamene disiki yanu ingafike itasokera, dikirani. Musanene kuti ali pambali, chifukwa pambali ndi pomwe disiki ya wongoyamba imakonda kupita. Ikakupulumukani n'kulunjika kwa munthu, fuulani kuti "Fore!" ndi mawu onse, ndiwo mawu amene anthu akumeneko amawadziwa ngati chenjezo. Anzanu onse aime kumbuyo kwa woponya. Ana aang'ono agwireni dzanja, chifukwa amathamangira kukatola disiki yawo wina asanaponye.

Poponya, phazi likhale mkati mwa tee mpaka disiki itachoka m'dzanja. Padengu loyamba gwirizanani woyamba. Kuyambira lachiwiri, amayamba ndi amene anaponya kochepa padengu lapitalo.

Kuchokera pamene yagwera

Onse akaponya, yendani limodzi. Amene disiki yake ili kutali kwambiri ndi dengu ndiye amaponya poyamba, ena akudikira kumbuyo kwake. Malo anu oponyera ali kuseri kwenikweni kwa disiki, mbali yotalikirana ndi dengu: kadera ka masentimita 20 m'lifupi ndi 30 kupita kumbuyo. Phazi limodzi likhale m'menemo poponya, ndipo linalo lisakhale pafupi ndi dengu kuposa pamenepo. Popeza muli ndi disiki imodzi yokha, ikani chizindikiro musanainyamule. Osewera amagwiritsa kadisiki kakang'ono kotchedwa mini, kamene amakaika kutsogolo kwa disiki mokhudzana nayo. Pocheza chabe, chitsekerero cha botolo chikwanira.

Kuponya kwachiwiriku ndiko kumapanga zigoli pabwalo lalifupi. Mwatsala mamita 25. Mtima umati yesani kulowetsa. Musaumvere. Disiki yolunjika m'matcheni kuchokera patali ikaphonya imapitirira mamita ena 15, mwina kutsikira kumtsinje. Iponyeni motsika ndi mofatsa kuti igwere patsinde pa mzati, kuti kuponya kwachitatu kukhale kongoika. Wongoyamba amene amachita zimenezi amapeza 3 ndi 4 pamadengu ambiri, pamene mnzake wamphamvu akulemba 6.

Mukagwera kuseri kwa mtengo, musathyole nthambi kapena kupinda chitsamba kuti mupeze njira, malamulo amakaniza ndipo eni kampu sakondwa nazo. Tambasulani mwendo wina chammbali, kapena gwadani, kapena vomerani kuponya kafupi kobwerera pamtetete.

Kulowetsa m'dengu

Apa thupi limasintha. Yang'anizanani ndi dengu, phazi la dzanja loponyera lili kutsogolo. Gwirani ndi zala zotambasuka, disiki ili pamimba. Tsamirani kumbuyo, ndiye kankhani ndi mwendo wakumbuyo pamene mkono ukutambasuka molunjika ku mzati, ndipo dzanja lithere lili lotambasuka ngati mukupereka moni. Mphamvu ichokere m'miyendo, dzanja lingopereka kuzungulira pang'ono kuti disiki isagwedezeke.

Musayang'ane dengu lonse. Sankhani mfundo imodzi ya tcheni, chapakati, ndipo maso akhale pamenepo mpaka mutamva kulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake sikuponya mwamantha. Disiki yoponyedwa mofooka imamenya m'mbali mwa dengu n'kugwa pansi, nthawi zina n'kugubuduka kupita kutali. Iponyeni ngati mukufuna ifike mita imodzi kuseri kwa mzati, matcheni ndiwo adzaigwira.

Pali lamulo limodzi la pafupi. Mukakhala mkati mwa mamita 10 kuchokera ku dengu, simuloledwa kugwera kutsogolo kupitirira chizindikiro chanu mutaponya, muyenera kuonetsa kuti mwaima bwino kaye. Ndipo disiki imawerengedwa kuti yalowa ikakhazikika m'dengu kapena ikakodwa m'matcheni. Ikatera padenga pa dengu, sinalowe, muponyanso.

Mphepo ikamawomba kumaso imainyamula disiki, choncho lozani motsika. Ikamachokera kumbuyo imaikanikizira pansi, lozani mokwera pang'ono ndipo onjezerani mphamvu.

Ikapita kolakwika

Chikwangwani chikalemba OB, chikutanthauza malo oletsedwa: msewu, dziwe, ndipo pakampu nthawi zambiri malo a matenti a anthu. Disiki ikathera kumeneko mumadziwonjezera chigoli chimodzi cha chilango, ngati kuti mwaponyanso kamodzi, n'kuponyera pafupi ndi pamene inatulukira, osapitirira mita imodzi kulowa m'bwalo. Ikatayika, muli ndi mphindi 3 zoifunafuna gulu lonse, ikapanda kupezeka mumawonjezera chimodzi n'kubwerera pamene munaponyera. Muvi wokhomedwa pamtengo, umene amati mando, ukutanthauza kuti disiki idutse mbali imene muviwo waloza. Nthawi zambiri amauika pofuna kuteteza njira ya anthu kapena matenti, choncho ulemekezeni ngakhale mukungocheza.

Disiki ikagwera pamalo a tenti kapena ngolo yogonamo ya munthu, kumbukirani kuti analipira malowo ndipo ndi pakhomo pake kwa masiku amenewo. Ife tinakula tikudziwa kuodira. Imani kumalire, perekani moni, pepesani, pemphani. Musaponyere pomwepo, tulukani nayo.

M'tchire la kum'mawa ndi pakati pa America muli zinthu ziwiri zoti muzisamale. Choyamba ndi poison ivy, kachomera ka masamba atatuatatu kamene kamayanga pansi kapena kukwera mitengo. Chitedze chimakuuzani pomwepo kuti mwachikhudza, koma aka kamakhala chete. Tsiku langa loyamba ndinabwereka driver, inakhotera m'chitsamba, ndipo ndinapisa dzanja kuitola osayang'ana. Patapita masiku awiri mkono unatuluka matuza oyabwa amene anatenga masabata awiri kuti apole. Chimene chimawotcha ndi mafuta a m'chomeracho otchedwa urushiol, ndipo amamatirira padisiki, pansapato ndi pathaulo. Kokani disiki ndi kamtengo, ndipo ngati mukukayika, sambani m'manja ndi sopo msanga, mutsukenso disikiyo. Chachiwiri ndi nkhupakupa za m'udzu wautali, zina mwa izo zimafalitsa matenda a Lyme. Masokosi aatali ndi mankhwala othamangitsa tizilombo zimathandiza.

Kulemba zigoli ndi kubwereza

Lembani zigoli mukafika pa tee yotsatira, osati mutaima padengu, kuti a m'mbuyo asadikire. Ngati gulu lanu ndi lalikulu ndipo kumbuyo kwabwera munthu mmodzi kapena awiri, aitaneni adutse. Kumaliza ndi 2 padengu la par 3 amati birdie, ndi 4 amati bogey. Kulowetsa kamodzi kuchokera pa tee ndi ace, ndipo pabwalo lalifupi zimachitika ngakhale kwa wongoyamba. Zikakuchitikirani, amene analipo amasaina kunsi kwa disiki yanu ndi kulemba tsiku.

Ngati muli ndi ana kapena achikulire, sewerani awiriawiri: onse awiri amaponya, n'kusankha disiki imene yagwera pabwino, ndipo onse amaponyeranso pamenepo. Mwana amene disiki yake imangopita mamita 15 sagwa mphwayi, ndipo padengu amakhala ndi mwayi wopulumutsa gulu lake. Mukhozanso kugwirizana kuti palibe kulemba kupitirira 6 padengu limodzi.

Mukamaliza la 9, pumani pang'ono ndipo muzungulirenso tsiku lomwelo. Ulendo woyamba munali kufunafuna njira, wachiwiri mukudziwa kale kuti kuseri kwa dengu lachinayi kuli chitsetse ndiponso kuti pa lachisanu ndi chiwiri mtengo wa kumanzere umagwira disiki iliyonse yokwera. Sinthani chinthu chimodzi chokha: ponyani ndi mphamvu zochepa kuposa poyamba, n'kufananitsa makadi awiriwo.

Pobwerera pukutani disiki yobwereka, ikaperekeni kuofesi pamodzi ndi ina iliyonse yopanda dzina imene mwatola. Musanalowe m'tenti dziyang'aneni nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa ndi m'tsitsi, ndipo ana muwayang'ane inuyo. Ngati mtima ukufunabe matcheni madzulo, kumbukirani kuti makampu ambiri amafuna bata kuyambira 10 koloko usiku, ndipo dengu limamveka patali kunja kukakhala zii.